Malo a Dionísia

Lolemba, 13 Febuluwale 1995

Andiika mu tereseira, kalasi yachitatu. Ine Élia wa zaka 17, amene ndinali Sitandade 7 ku Mwanza, amene dzina langa linkayamba kuitanidwa tsiku lotsekera sukulu. Ana a m'kalasimo ena mano akutsogolo sanamere n'komwe.

Adiretori, akulu a sukuluyi, sanachedwe nane. Anayang'ana lipoti langa la ku Malawi, kulitembenuza, n'kundifunsa kanthu m'Chipwitikizi. Ndinangowayang'ana pakamwa. Anafunsanso. Kenaka anauza achimwene Lázaro kuti pepala la Chingerezi kuno silinena kanthu, mwanayu ayambire pamene pakamwa pake pafika.

Tonse obwerera kuchokera ku Malawi atiunjika momwemo. Dionísia, mwana wa amalume Basílio, nayenso ali momwemo. Dionísia yemweyu amene anabwereza Sitandade 4 mpaka aphunzitsi anatopa naye, amene ndinkamulembera masamu kuseri kwa tchalitchi. Pobwerera amaseka njira yonse, akuti Mulungu watilinganiza. Ine sindinaseke.

Lachitatu, 15 Febuluwale

Kalasi yathu ili ndi malata mbali imodzi yokha. Khoma lili ndi zibowo za zipolopolo, ana amabisamo choko. Timakhala pa njerwa. Ndikakhala pansi mawondo amandifika pachibwano, ndikaimirira ndimaposa aliyense. Ndasankha kumbuyo, pakona.

Mphunzitsi wathu ndi a pulofesoli Firmino, kwawo ku Moatize. Amavala jekete ngakhale masana, akuti Zóbuè ndi wozizira ngati manda. Chinyanja m'kalasi n'choletsedwa. Mawu anga lero anali amodzi, poyankha ataitana dzina: "Presente."

Lachisanu, 17 Febuluwale

D., Dionísia uja, wachititsa manyazi. A pulofesoli anafunsa kuti ndani anganene chimene akufuna, iye dzanja m'mwamba. Ankafuna kunena kuti akufuna kukhala pampando, cadeira. Ananena cadeia, ndende. Ana anagubuduka ndi kuseka. Wina mpaka anagwa pa njerwa yake. A pulofesoli nawonso anabisa nkhope m'buku.

Ndiye D. m'malo mokhala pansi, anafunsa ndi manja kuti walakwitsa pati. Anamuuza. Anabwereza mawuwo kangapo, mokweza, ana akusekabe. Ine thukuta lili kamukamu ngati ndine ndalakwitsa.

Panjira ndinamuuza kuti azidzilemekeza, ndife akuluakulu. Akuti koma tsopano mpando ndi ndende sadzazisokonezanso mpaka kufa.

Lamulungu, 19 Febuluwale

Titabwera ku Misa, achimwene ayambanso nyimbo yawo. Iwo anafika kalasi yachisanu ndi chimodzi nkhondo isanatithamangitse, Chipwitikizi amachilankhula ngati madzi, koma lero amanyamula matumba a makala pa fronteira, pamalire paja. Akuti sukulu ndi bodza limene akulu amauza ana kuti asasokoneze pakhomo. Akuti ndionetse munthu mmodzi wa kuno amene pepala linamuchotsa pa khasu.

Amayi amapeta nyemba, osatukula mutu. Kenaka ananena chinthu chimene sananenepo chibwerere. Akuti tsiku lija anthu a mfuti anaika amuna pamzere, anafunsa kuti ndani amadziwa kuwerenga. Bambo ako anali ndi cholembera m'thumba la malaya. Anangonena zomwezo, n'kupitiriza kupeta.

Sanandiletse sukulu. Koma sanandifunsepo kuti ndaphunzira chiyani.

Lachiwiri, 28 Febuluwale

Andiloza lero. Samu yogawa pabolodi, ya ana. Yankho ndinaliona a pulofesoli asanamalize kulemba. Anati ndinene. M'mutu nambala ija inabwera m'Chingerezi, kenaka m'Chipwitikizi, ndipo ndinkaidziwa. Koma ndinayamba kuganiza: bwanji lilime likapotoka? Bwanji kamwana aka kali kutsogoloku kakandikonza?

Ndinaimirira. Ndinayang'ana khoma. Anadikira, anadikira, n'kundiuza kuti ndikhale.

Potuluka ana amandiitana Muda. Ndafunsa achimwene. Akuti ndiye kuti wosalankhula, bububu.

Lachinayi, 2 Malichi

Mvula tsiku lonse. Tinaunjikana mbali ya malata. Palibe chaphunziridwa.

Lachitatu, 8 Malichi

D. sakupuma. Amalonjera asilikali a pa fronteira m'Chipwitikizi, amawerenga mokweza chilichonse cholembedwa, zitini, malole, ngakhale zikwangwani zofiira za mabomba kumunda kwa a Julião. Pena amalankhula ndi mbuzi. Theka la zimene amanena n'zokhota, koma anthu amamumva, ena amamukonza, iye n'kuthokoza.

Ine kaderno wanga, kope lolembamo, ndi woyera kuposa wa aliyense. Mawu onse a pabolodi ndimakopera, ndimawaloweza kumunda ndikupalira, chamumtima. Ndinamuuza D. kuti ndidzalankhula ndikadzadziwa bwinobwino, sindikufuna kutulutsa zosapsa.

Anandiyankha mosazungulira.

"Ine anandiseka kalekale ku Mwanza, mpaka kuseka kunatha ululu. Iwe sanakusekepo. N'chifukwa chake ukukuopa ngati njoka."

Ndinamuyankha kuti nzeru munthu amabadwa nazo, sazitola pamsewu. Ndinanena dala kuti zimuwawe. Anangoti ehe, n'kusenza mtolo wake.

Koma mwina n'zoona zimene ndikuganiza masiku ano. Mwina nzeru zanga zinali za ku Malawi, zinatsala komweko pamodzi ndi nyumba ya udzu ija. Kuno ndine mbuli yaitali yokhala pa njerwa.

Lolemba, 13 Malichi

A pulofesoli alengeza kuti ku Moatize kukhala pulova, ndiye kuti mayeso, ya ife akuluakulu obwerera. Wokhoza adumpha, apita mu kinta, kalasi yachisanu. Kalasi iliyonse itumiza ochepa. Ndinati nthawi yanga yafika, pa pepala palibe angandipose.

Anatchula maina. Samito. Hortênsia. Dionísia.

Anatseka buku.

D. anawatsatira panja kukawafunsa za ine, ine osamutuma. Akuti anamuyankha kuti pulovayo ili ndi mbali yolankhula, ndipo sangatumize munthu amene mawu ake sawadziwa. Akuti kulemba ndimalemba bwino, koma kaderno sakayankha mafunso.

Sindinadye.

Lachinayi, 16 Malichi

Chiyambire Lachiwiri sindinapite. Ndikugulitsa chimanga chootcha ndi nthochi pa fronteira, pamene malole amaima. Amayi sanafunse. Achimwene akuti tsopano ndayamba kuganiza ngati munthu.

Lero dalaivala wina wa ku Zimbabwe anafunsa mtengo m'Chingerezi. Ndinamuyankha. Anadabwa, anafunsa zina, ndinayankhanso, mawu akungotuluka okha ngati mbuzi zotsekulidwa m'khola. Azimayi anzanga anasiya kukupiza moto n'kumandiyang'ana. Kwa kanthawi ndinali Élia uja.

Kenaka anandigwira pamkono. Akuti mtsikana wodziwa Chingerezi chotere akuonongeka pano, m'lole mwake muli malo mpaka ku Harare. Ndinachotsa mkono. Anaseka, anatenga chimanga, n'kupita.

Hortênsia anadutsa ndi kaderno wake pamutu, akuchokera kusukulu. Ndinabisala kuseri kwa thayala.

Lamulungu, 19 Malichi

Kwa amalume kunabwera ankhoswe dzulo. A Alcides, aja anatuluka usilikali chaka chatha, ali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri, mkazi wawo anamwalira kusiya ana. Akufuna D. Amalume avomera. Akuti asamukire komweko chimanga chisanaume, kuti akathandize kukolola, za ku tchalitchi zidzatsatira.

D. anawapempha kuti angodikira pulova yokha. Ndinamva ndili kuseri kwa nkhokwe. Amalume akuti mtsikana wamkulu kukhala ndi tiana pa njerwa si sukulu, n'kudikira mimba yopanda mwini. Akuti sukulu inamukana kale ku Malawi, lero yamukonda liti?

Sanalire pamaso pawo. Anatenga ndowa n'kupita kumtsinje, ndowa ili yodzaza kale.

Lachiwiri, 21 Malichi

A pulofesoli abwera kwathu masana, jekete lili pamkono. Amayi anawayalira mphasa. Analankhula Chinyanja! Chosakaniza ndi Chinyungwe, chokhota, pena amayi amabisa kumwetulira, koma iwo osasamala. Sindinkadziwa kuti amachidziwa.

Akuti achokera kwa amalume, akambirana mpaka pakamwa kuuma, zakanika. Malo a Dionísia atsala. Anatembenukira kwa ine.

"Ukapita, ukatsegula pakamwa?"

Ndinati inde. Ndinayankha msanga kwambiri. Ndilembe zoona: ndinasangalala. Msuweni wanga akumutenga ngati mbuzi, ine mtima ukuvina.

Chakumadzulo D. anabwera yekha. Akuti tiye kuseri, ine ndikhale wofunsa, iwe uziyankha, tiyesere mpaka Lachinayi. Ndinamuuza kuti palibe chifukwa, zonse zili m'mutu. Kunena zoona sindinafune kuti D., D. weniweniyu, andimve ndikulakwitsa n'kundikonza.

Anaima pang'ono. Akuti chabwino, ukayende bwino.

Loweruka, 25 Malichi

Tabwerako.

Tinanyamuka Lachinayi pa lole ya makala, ine, Samito, Hortênsia ndi a pulofesoli. Kutsika mapiri, mphepo ikusintha, mitengo ikufupika, mpaka malambe. M'mbali mwa msewu magalimoto opsa a nthawi ya nkhondo akadali pomwepo, udzu utamera m'kati. Samito amawerenga zikwangwani mokweza, a pulofesoli akumukonza. Ine ndimabwereza mawu anga chamumtima.

Moatize ndi ng'anjo. Fumbi lakuda m'mphuno, m'makutu, mabogi a sitima ochita dzimbiri atangoima panjanji. Aliyense Chinyungwe ndi Chipwitikizi. A pulofesoli anavula jekete, anasanduka munthu wina, akuseka ndi anthu mumsewu. Tinagona kwa achemwali awo, mayi Berta.

Lachisanu m'mawa, masamu. Ndinamaliza woyamba. Kulemba mawu oitanidwa, ndinalemba. Ndinati zatheka.

Masana anayamba kutiitana mmodzimmodzi. M'chipinda munali bambo wa magalasi ndi mayi wina wovala wotchi. Anandifunsa dzina. Ndinanena. Zaka. Ndinanena, motsitsa. Kenaka mayi uja anandipatsa chithunzi: msika, mzimayi akugulitsa nsomba, mwana akulira, galu pansi pa tebulo. Anati ndifotokoze chimene ndikuona.

Mawu onse ndinali nawo. Mzimayi, nsomba, galu, kulira, onse. Koma kuwalumikiza. Patsogolo pa liwu lililonse ndiike o kapena a? Mwana akulira, mneni wake atha bwanji? Ndikakonza chiganizo m'mutu, ndimaona cholakwa, n'kuyambiranso. Mayi uja anati ndisaope, ndinene chilichonse, ngakhale liwu limodzi. Analoza galu ndi chala. Ndinkamudziwa galuyo. Ndinayang'ana chala chawo, chikhadabo chopaka utoto wofiira.

Bambo wa magalasi anayang'ana wotchi ya mnzake. Analemba kanthu kakafupi. "Pode sair." Ndingathe kutuluka. Zimenezo ndinamva bwinobwino.

Samito anatuluka akuseka, akuti anawauza kuti galu akugulitsa mzimayi, iwo anaseka, iye n'kukonza.

A pulofesoli sanandifunse kanthu. Anaona nkhope. Pa lole pobwerera anakhala chondifulatira, atavalanso jekete tisanafike n'komwe kumapiri.

Lolemba, 27 Malichi

D. wasamuka dzulo. Ndinanamizira mutu, sindinamuperekeze.

Lachinayi, 30 Malichi

Zotsatira zafika. Samito ndi Hortênsia apita mu kinta. Ine tereseira.

Ndinapita kusukulu kuti ndikamve ndekha. A pulofesoli anandiitana pa nthawi yopuma. Akuti masamu ndinaposa onse amene analemba tsiku limenelo. Ananena mopanda kukondwa, ngati akunena za munthu womwalira. Akuti pulova ina mwina chaka chamawa, mwina ayi.

Achimwene akuti waona? Amayi anandiikira mbatata yaikulu m'mbale.

Chaka chamawa ndidzakhala ndi zaka 18, mu kwarta, kalasi yachinayi, ngati ndidzakhalepo. Ndikuona ngati a Alcides ena ali m'njira.

Loweruka, 1 Epulo

Ndakumana ndi D. kuchigayo. Ndinamuona mochedwa, pothawira panalibe. Wavala duku ngati mayi wamkulu, kumsana kuli mwana wa a Alcides wamng'ono uja, wamamina. Sabata imodzi yokha koma nkhope yagwa.

Ndinayamba kumufunsa za kunyumba. Anandidula. Akuti Samito wamuuza zonse, koma akufuna amve kwa ine: anafunsa chiyani? Ndinamuuza za chithunzi. Anati ndimuuze zonse zinali pamenepo. Ndinamuuza.

Pomwepo, pamzere wa chigayo, anthu akumva, anayamba kufotokoza chithunzicho m'Chipwitikizi. Mzimayi akugulitsa nsomba. Mwana akulira chifukwa ali ndi njala. Galu akudikira kuti nsomba igwe. Zolakwa zinalimo, ine ndemwe ndinazimva zingapo. Koma anafika kumapeto. Anawonjezanso zimene panalibe, akuti mwamuna wa mzimayiyo wapita kukamwa.

Atamaliza anandiyang'ana, maso ali ofiira.

"Ukanalakwitsa, Élia, sindikanadandaula. Ukanati galu ndi nsomba, ndikanaseka nawe. Koma unatenga malo anga n'kukakhala nawo chete."

Chigayo chimalira, ufa ukutigwera m'mutu.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo, sadzandilankhulanso. Koma atasenza thumba lake anabwerera. Akuti a Alcides amapita ndi ngolo masana onse. Akuti ndizipita kusukulu, ndikaweruka ndizidzera kwawo, ndizimuuza zimene taphunzira, tsiku lililonse. Sanapemphe. Ananena ngati mmene amalume amanenera.

Lachiwiri, 4 Epulo

Dzulo ndi lero ndadzera kwa D. Nyumba ili kuseri kwa phiri, njira yoterera. Ndimamupeza akusenda chinangwa kapena akuchapa, ndimakhala pamwala, ndimamuwerengera za mu kaderno. Kuwerengako ndiye kuti ndiyenera kutulutsa mawu. Dzulo anandikonza kawiri katchulidwe. Kunawawa, koma panalibe wina womva kupatula mwana ndi nkhuku.

Lero taphunzira kuti mawu othera ndi a amatenga a patsogolo, othera ndi o amatenga o. A casa, nyumba; o gato, mphaka. D. anasiya mpeni. Akuti nanga bwanji timati o dia? Tsiku likuthera ndi a, bwanji likutenga o?

Ndinati sindikudziwa. Akuti ukafunse mawa. Ndinati ndikayang'ana m'buku la achimwene. Akuti ayi, ukafunse a pulofesoli, m'kalasi, ine ndikanakhalapo ndikanafunsa.

Lachitatu, 5 Epulo

Sindinafunse. Dzanja linafika paphewa n'kubwerera.

D. atamva anangotenga chinangwa chake n'kulowa m'nyumba. Ndinakhala pamwala ndekha mpaka ndinanyamuka.

Lachinayi, 6 Epulo

Kunazizira m'mawa, nkhungu mpaka m'kalasi. A pulofesoli amalemba pabolodi atatifulatira. Ndinakonza funso njira yonse yochokera kunyumba, ndipo ndinkadziwa kuti likadali lokhota. Ndinaganiza za njira yoterera ija, ndi kukafikanso kwa D. chimanjamanja.

Sindinakweze dzanja. Ndinangoimirira, njerwa n'kugwa. Onse anatembenuka.

"Senhor professor. Porquê dia... é o? Não é a?"

Mawu anatuluka aakulu, osasalala, ngati a munthu wina. Kamtsikana ka kutsogolo kanakuwa kuti Muda walankhula, kalasi yonse n'kuphulika. Ena amamenya njerwa ndi manja. Makutu anga amalira. Ndinayang'ana chitseko, chinali pafupi.

A pulofesoli anamenya bolodi kuti kukhale bata. Anati ndibwereze, sanamve. Ndinabwereza. Linakhotanso pena, anaseka ochepa. Anandikonzera chiganizo chonse, n'kuti ndinene monga iwo. Ndinanena.

Kenaka anayang'ana pabolodi nthawi yaitali. Analemba o dia. Anadzikanda m'mutu, choko n'kutsala m'tsitsi. Anatembenuka, pamaso pa ana onse aja, n'kutambasula manja.

"Não sei."

Sakudziwa. Akuti naye anangochiloweza chomwecho ali mwana ku Moatize, sanafunsepo. Akuti akafunsa abambo a ku parishi Lamulungu, ndipo pali mawu enanso otero, tiwasake tonse. Anandifunsa ngati ndikudziwapo lina.

Ndinali ndidakaimirira. Ndinati o problema.

Analilemba pansi pa linzake, n'kundipatsa choko kuti ndibwere kutsogolo ndilembe lachitatu. Liwu lachitatulo ndinalibe. Ndinapitabe.